App ya mauthenga ya pa yunivesite imayambira pa kaundula wa makosi

Ambiri akafuna kupanga app yoti ophunzira ndi aphunzitsi a pa yunivesite azitumizirana mauthenga amathamangira maonekedwe: malo olembapo pansi, batani lotumizira, timabokosi ta mauthenga kumanja ndi kumanzere. Zimenezo zimatheka m'masiku ochepa, komanso sizingachititse munthu kusiya WhatsApp kapena Telegram zomwe ali nazo kale pafoni. Chimene app yanu ingachite, chomwe zinazo sizingathe, ndi kudziwa kuti uyu akuphunzira kosi iti, uyo akuphunzitsa kalasi iti, komanso kuti zimenezi zinayamba liti ndipo zidzatha liti. Pagulu wamba la kalasi mumapezeka anthu amene anasiya kosi kalekale, amene analembetsa mochedwa sanaikidwemo, ndipo nambala ya foni ya mphunzitsi imakhala m'manja mwa aliyense. Ntchito yanu ndi kuthetsa mavuto amenewa, n'chifukwa chake muyenera kuyamba ndi kaundula.

Ndani ali m'gulu liti

Musanalembe chilichonse chokhudza mauthenga, database yanu, nkhokwe yosungiramo deta, ikhale ndi matebulo 4: la anthu, la makosi, la makalasi ndi la umembala. Kosi ndi kalasi ndi zinthu ziwiri. Kosi ndi dzina ndi nambala yake zomwe zimakhalapo zaka zambiri, pamene kalasi ndi kosiyo ikamaphunzitsidwa mu semesita inayake, kwa gulu linalake, ndi mphunzitsi winawake. Mukamangirira macheza ku kosi osati ku kalasi, ophunzira a chaka chino adzapeza zokambirana za chaka chatha, pamodzi ndi mayankho a ntchito zimene iwo sanalembe.

Udindo wa munthu ulembedwe pa tebulo la umembala, osati pa tebulo la anthu. Wophunzira wa digiri yachiwiri akhoza kukhala wothandizira mphunzitsi m'kalasi imodzi koma wophunzira m'kalasi ina, sabata yomweyo. Mukaika gawo limodzi lonena kuti "wophunzira" kapena "mphunzitsi" pa dzina lake, mudzakakamizika kumupatsa maakaunti awiri, ndipo chisokonezo chimayambira pamenepo. Mzere uliwonse wa umembala ukhale ndi munthu, kalasi, udindo, tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Munthu aliyense mumupatse nambala yanuyanu ya mkati imene sisintha. Imelo imasintha, nambala ya foni imasintha, ngakhale nambala ya wophunzira ikhoza kusintha akabwerera kudzachita digiri ina.

Kaundulayu simumalemba nokha. Amachokera ku dongosolo limene yunivesite imasungira mayina a olembetsa. Ngati dongosololo lili ndi API, njira imene mapulogalamu ena amapemphera deta, itengeni. Ngati lilibe, pemphani fayilo ya CSV, ya deta yondandalikidwa m'mizere, yotuluka pa nthawi yokhazikika. Pakati pa semesita kukoka kaundula kamodzi usiku n'kokwanira, koma m'masabata oyambirira, pamene anthu akulowa ndi kutuluka m'makosi, muzikoka ola lililonse.

Apa pali ngozi imene imapweteka kwambiri. Tsiku lina fayilo idzabwera yopanda kanthu kapena yodukira pakati, chifukwa mbali inayo makina anazima akuilemba. Pulogalamu yanu ikaikhulupirira, idzachotsa anthu masauzande m'makalasi awo usiku umodzi. Ikani malire: ngati kusintha kumodzi kukufuna kuchotsa mamembala opitirira 10 pa 100 aliwonse, ntchitoyo iime n'kudikira kuti munthu aione kaye. Komanso musamafufute mzere wa umembala, muzingolembapo tsiku lothera. Mukatero, kubwezera munthu amene wachotsedwa molakwika kumakhala kusintha gawo limodzi basi, ndipo mauthenga ake akale amakhalabe ndi dzina lake.

Polowa mu app, anthu agwiritse ntchito akaunti ya yunivesite imene ali nayo kale, kudzera pa OpenID Connect kapena SAML, njira zolowera m'mapulogalamu osiyanasiyana ndi akaunti imodzi. Musasunge mapasiwedi ngati pali njira yopewera. Ngati palibe, abiseni ndi Argon2 kapena bcrypt. Token yolowera, chiphaso chimene seva imapatsa foni munthu akalowa, ikhale ya nthawi yochepa, mwina mphindi 15, ndipo ina yoitsitsimutsa ikhale yotheka kuithetsa pa seva, kuti foni ikabedwa kapena munthu akachoka payunivesite khomo litsekeke msanga. Kumene akugwiritsa ntchito Moodle kapena dongosolo lina la maphunziro, LTI 1.3, njira yolumikizira mapulogalamu ena ku dongosololo, imalola wophunzira kudina kuchokera patsamba la kosi n'kufikira m'macheza a kalasi yake popanda kulowanso kachiwiri.

Macheza si amtundu umodzi

Ine ndimaona kuti mitundu 3 ndi yokwanira poyamba. Woyamba ndi zolengeza, kumene amalembako ndi mphunzitsi ndi omuthandiza okha. Wachiwiri ndi zokambirana za kalasi, kumene funso lililonse limakhala ndi mayankho ake pansi pake. Wachitatu ndi macheza a anthu awiri. Musaphatikize woyamba ndi wachiwiri. Uthenga wonena kuti chipinda cholembera mayeso chasintha ukalowa pakati pa mauthenga 200 a ophunzira, theka la kalasi silidzauona, ndipo mlandu udzagwera app yanu.

Cholengeza chikasinthidwa, mawu akale asungidwe pamodzi ndi nthawi imene anasinthidwa, ndipo ophunzira azitha kuwaona. Tsiku lomaliza kupereka ntchito ndi nkhani imene imadzetsa mikangano, ndipo onse awiri, mphunzitsi ndi wophunzira, amatetezeka pakakhala umboni wa zimene zinalembedwa ndi tsiku lake.

Kuti uthenga ufike kamodzi, pamalo pake

Gawo ili ndi limene limadya nthawi, ndipo ndi loyenera kuidya. Muziganiza kuti netiweki idzaduka pa nthawi yoipitsitsa, chifukwa idzadukadi: wophunzira akutuluka m'nyumba ina kulowa ina, foni ikuchoka pa Wi-Fi kupita pa deta.

Munthu akadina batani lotumizira, uthengawo uyambe walembedwa pafoni pomwepo, mu SQLite, database yaing'ono ya pafoni, pa mndandanda wa zodikira kutumizidwa. Foni iupatse nambala yapadera ya mtundu wa UUID isanautumize. Seva ikaulandira, iulembe mu database, kenako iyankhe kuti wafika. Yankho likapanda kubwera, foni itumizenso uthenga womwewo ndi UUID yomweyo. Chifukwa chake n'chakuti nthawi zambiri uthenga umakhala utafika, chimene chatayika ndi yankho lokha. Pa database ikani lamulo loti UUID isabwerezedwe m'macheza amodzi, ndipo seva ikaona yobwereza ingobweza yankho lakale lija. Popanda zimenezi anthu amaona uthenga umodzi katatu.

Dongosolo la mauthenga lisadalire wotchi ya pafoni. Mafoni ena amakhala ndi nthawi yolakwika ndi mphindi zingapo, ena ndi masiku, ndipo yankho limaoneka pamwamba pa funso lake. Seva ndiyo ipereke nambala yotsatana pa macheza aliwonse: 1, 2, 3, mpaka m'tsogolo. Mu database ya PostgreSQL njira yodalirika ndi kusunga nambala yomaliza pa mzere wa machezawo, n'kuiwonjezera mu transaction yomweyo imene ikulemba uthenga, kuti ziwirizi zichitikire pamodzi kapena zilephere pamodzi. Musagwiritse ntchito sequence, chida chopereka manambala otsatana, imodzi ya database yonse pa ntchito imeneyi. Iyo imasiya mipata, komanso uthenga wa nambala yaikulu ukhoza kumalizika kulembedwa usanamalizike wa nambala yaing'ono, ndiye foni imene yaona waukuluwo imadumpha winawo osadziwa. Nthawi muzisunga mu UTC, nthawi yofanana pa dziko lonse lapansi, n'kuisintha poionetsa pafoni.

Nambala zotsatanazi zimapepukitsa ntchito ina yonse. Foni ikalumikizananso imangonena kuti m'macheza awa inalekezera pa 812, seva n'kutumiza kuyambira pa 813, mauthenga 50 nthawi imodzi. Ikalandira 820 pamene ili ndi 818, imadziwa yokha kuti pali wosowa ndipo imaupempha.

App ikakhala yotsegula, mauthenga amadutsa pa WebSocket, njira imene imasiya foni ndi seva zili zolumikizana. Zovuta zake n'zodziwika. Mukaika nginx, pulogalamu yolandira mapempho, patsogolo pa seva, iyo imatseka kulumikizana kumene kwakhala chete masekondi 60, pokhapokha mutasintha proxy_read_timeout, ndipo zipangizo za netiweki zapakati nazonso zimadula mizere yachete osauza aliyense. Choncho pakhale ping, yofunsa ngati mbali inayo ilipobe, pa masekondi 25 kapena 30 aliwonse, ndipo ikapanda kuyankhidwa kawiri foni iyambirenso kulumikiza. Pa Linux pulogalamu imodzi nthawi zambiri imaloledwa kutsegula mafayilo 1024 okha, ndipo kulumikizana kulikonse kumawerengedwa ngati fayilo. Mukapanda kukweza malirewo, seva imayenda bwino pamene mukuyesa ndi anthu ochepa, n'kuyamba kukana anthu tsiku limene sukulu yonse yalowa.

Kulumikizanso kusachitike nthawi imodzi. Seva ikazima n'kuyakanso, kapena Wi-Fi ya nyumba yonse ikabwerera, mafoni onse amafika pa sekondi yomweyo ndipo akhoza kuigwetsanso. Foni iliyonse idikire sekondi 1, ikalephera 2, kenako 4, 8, mpaka malire a masekondi 60, ndipo pa nthawi iliyonse iwonjezerepo kachigawo kosankhidwa mwachisawawa kuti mafoniwo amwazikane.

Maseva akapitirira imodzi, wotumiza akhoza kukhala pa seva ina, wolandira pa ina. Pulogalamu ya Redis imathandiza kuuza maseva onse kuti kwabwera uthenga, koma njira yake yolengezera, ya pub/sub, sisunga kanthu: seva imene sinali kumvetsera pa nthawiyo siumvanso. N'chifukwa chake lamulo ndi loti uthenga ulembedwe mu database kaye, kulengeza kubwere pambuyo. Kulengeza kukatayika, nambala zotsatana zija zidzaubweza.

Kalasi ya anthu 400

Uthenga usungidwe kamodzi, osati kope limodzi pa wolandira aliyense. Pa membala aliyense sungani nambala imodzi yokha, ya uthenga womaliza umene wawerenga. Chiwerengero cha osawerengedwa chimapezeka pochotsa nambalayo pa nambala yomaliza ya machezawo.

Zizindikiro zoti uthenga wawerengedwa zimaoneka zazing'ono, koma werengetsani. M'kalasi ya anthu 400, aliyense akawerenga uthenga umodzi ndipo inu n'kuuza ena onse, ndiye kuti mwatumiza timauthenga pafupifupi 160,000 chifukwa cha uthenga umodzi. Batire ndi deta ya ophunzira zimathera pamenepo. M'magulu aakulu zimitsani zimenezi, pamodzi ndi chizindikiro choti wina akulemba ndi choti ali pa intaneti. Mphunzitsi yekha aziona chiwerengero cha amene aona cholengeza chake, ndipo chiwerengedwe pamene iye watsegula, osati nthawi zonse.

Zidziwitso foni ikakhala m'thumba

App ikatsekedwa, WebSocket imafa. Android, kuyambira pa mtundu wa 6.0, ili ndi Doze imene imaletsa mapulogalamu kugwiritsa ntchito netiweki foni ikakhala nthawi osakhudzidwa, ndipo iOS nayo imaimitsa app imene ili kumbuyo. Musalimbane nazo. Gwiritsani ntchito njira zotumizira zidziwitso, Firebase Cloud Messaging pa Android ndi APNs pa iPhone.

Chidziwitso muchitenge ngati kugogoda pachitseko, osati katundu amene wabwera. Chimanyamula zinthu zosapitirira 4 KB, chikhoza kuchedwa, chikhoza kufika mosatsatana kapena osafika n'komwe. Ikanimo nambala ya macheza ndi mawu ochepa, ndipo app ikatsegulidwa ikatenge mauthenga enieni ku seva. Kuika mawu onse a uthenga wachinsinsi m'chidziwitso kumatanthauzanso kuti aliyense amene ali pafupi ndi foniyo akhoza kuwawerenga, ngakhale itakiyidwa.

Kuyambira pa Android 13, app iyenera kupempha chilolezo chotumizira zidziwitso. Musachipemphe munthu akangotsegula koyamba asanaone kanthu, chifukwa ambiri amakana. Chipempheni ataona makalasi ake, mutamuuza kuti n'cha zolengeza za aphunzitsi. Token ya chidziwitso, imene ili ngati adiresi ya foni yotumizirako zidziwitso, imasintha, choncho app iziitumiza ku seva nthawi iliyonse ikasintha, ndipo seva ichotse imene yakanidwa kuti sikugwiranso ntchito. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi zipangizo zingapo, ndiye tebulo la ma token likhale la zipangizo, osati la anthu. Mafoni a makampani ena amatseka mapulogalamu mwankhanza pofuna kusunga batire, kotero muyese pa mafoni otchipa a mitundu ingapo, osati pa yanu yokha. Ngati mwasankha app ya pa webusayiti m'malo mwa yoika pafoni, dziwani kuti pa iPhone zidziwitso zake zinayamba kutheka ndi iOS 16.4 mu 2023, ndipo munthu ayenera kuiika kaye pa sikirini yoyamba.

Chinthu chimene chimapha app yotereyi mwakachetechete ndi kutopetsa aphunzitsi. Mphunzitsi wa makalasi 4 amene foni yake ikulira pakati pa usiku amazimitsa zidziwitso zonse, ndipo akatero ophunzira amasiya kufunsa chifukwa sakuyankhidwa. Mpatseni mphamvu yoika maola amene amayankha, ndipo wophunzira aziona maolawo asanatumize. Uthenga wobwera kunja kwa maolawo ulandiridwe, koma chidziwitso chake chidikire m'mawa. Zokambirana za kalasi zisamalize foni ya mphunzitsi pa uthenga uliwonse. Zimufikire pamodzi, kamodzi kapena kawiri patsiku, mafunso osayankhidwa ali pamwamba.

Mafayilo

Mafayilo asadutse pa seva ya mauthenga. Seva ipereke ulalo wa kanthawi kochepa, foni n'kukweza fayilo molunjika kumalo osungirako monga Amazon S3 kapena ena ofanana nawo, ndipo uthenga ungonyamula nambala ya fayiloyo. Potsitsa zikhalenso chimodzimodzi, seva itaona kaye kuti wopemphayo ndi membala. Ikani malire, mwina 25 MB. Zithunzi zichepetsedwe pafoni mpaka mapikiselo 1600 mbali yaitali, zomwe n'zokwanira kuwerenga zolemba pabolodi, ndipo chotsanimo deta ya EXIF, imene kamera imalemba mkati mwa chithunzi, chifukwa imatha kuulula malo amene chithunzicho chinajambulidwira. Kukweza kukaduka kupitirire pamene kunalekezera, ndipo fayilo yaikulu isatsike yokha munthu ali pa deta. Ntchito zoti zichongedwe zisaperekedwe kudzera m'macheza. Zimenezo zili ndi malo ake m'dongosolo la maphunziro, kumene kuli tsiku lotsekera ndi malikisi.

Mphunzitsi ali ndi mphamvu pa wophunzira

Apa ndi pamene app ya pa yunivesite imasiyana kwambiri ndi ya macheza wamba. Anthu awiriwa si ofanana: wina amapereka malikisi kwa mnzake. Pali ophunzira amene amavutitsidwa ndi aphunzitsi, palinso aphunzitsi amene amaopsezedwa kapena kunamiziridwa. Mapangidwe a app ayenera kuganizira onsewo.

Nambala ya foni ya munthu isaonekere kwa wina aliyense. Mphunzitsi azitha kulembera payekha wophunzira amene ali m'kalasi yake pa nthawiyo basi. Uthenga uliwonse ukhale ndi batani lodandaulira, ndipo dandaulo lipite kwa ofesi yoona za madandaulo, osati kwa mphunzitsi wa kalasiyo. Wophunzira azitha kutseka macheza a awiri ndi munthu aliyense koma n'kumalandirabe zolengeza za kalasi.

Funso lovuta ndi la kubisa mauthenga moti ngakhale seva isawawerenge. Njirazo zilipo: Signal Protocol, komanso MLS ya magulu, imene inasindikizidwa mu 2023 ngati RFC 9420. Musapeke yanu. Koma dziwani mtengo wake. Kufufuza mawu pa seva sikutheka, wolowa mochedwa m'kalasi akhoza kusowa mauthenga akale, wotaya foni akhoza kutaya zonse, ndipo pakabwera dandaulo yunivesite ilibe umboni wakewake. Maganizo anga ndi oti zolengeza, zokambirana za kalasi ndi macheza a mphunzitsi ndi wophunzira zitetezedwe ndi TLS, njira yobisira deta ikamayenda pa netiweki, zibisidwenso posungira, koma zikhale zotheka kutsegulidwa pakakhala dandaulo lovomerezeka. Kutsegulako kuvomerezedwe ndi anthu awiri, ndipo kulembedwe pamalo amene sangafufutidwe: anatsegula ndani, liti, chifukwa chiyani. Chimene sichiyenera kuchitika ndi kunamiza anthu. Pamwamba pa machezawo lembani m'mawu osavuta kuti ndani angawaone ndiponso pa zifukwa ziti. Woyang'anira seva asakhale ndi njira yongowerengera mauthenga a anthu pamene wafuna.

Ophunzira ambiri amaopa kufunsa pagulu. Aloleni kufunsa dzina lawo litabisika kwa anzawo, koma auzeni kuti dongosolo likuwadziwa. Mafunso amachuluka, ndipo zachipongwe sizipeza pobisala. Za nthawi yosungira mauthenga, gwirizanani ndi yunivesite musanayambe, mogwirizana ndi malamulo oteteza deta a dziko limene muli. Ku European Union, mwachitsanzo, GDPR yakhala ikugwira ntchito kuyambira mu 2018 ndipo siilola kusunga deta ya munthu kupitirira nthawi imene ikufunika.

Musanalembe zonsezi nokha, onani kaye Matrix kapena XMPP. Ndi njira zotseguka zimene zili ndi maseva okonzeka, ndipo zinathetsa kale mavuto ambiri a kutumiza ndi kulandira. Mukatenga imodzi mwa izo, ntchito yanu imatsala ya kaundula, maudindo ndi malamulo, yomwe palibe wina angakuchitireni.

Kuyesa ndi kutseka semesita

Yesani ndi netiweki yoipa mwadala. Lembani mauthenga 10 foni ili pa airplane mode, tsekani app, yatsaninso foni, kenako lumikizani: onse afike kamodzi, motsatana. Dulani netiweki uthenga utangonyamuka yankho lisanabwere. Lowani pa zipangizo ziwiri n'kuona ngati kuwerenga pa chimodzi kukuchotsa chizindikiro pa chinzake. Tumizani ma emoji. Pa database ya MySQL, njira yakale yosungira zilembo ya utf8 imasunga mabayiti 3 okha pa chilembo pamene emoji imafuna 4, choncho pamafunika utf8mb4. Sinthani nambala ya macheza m'pempho la API n'kuona ngati seva ikukupatsani mauthenga a kalasi imene simuli. Umembala uzionedwa pa pempho lililonse, komanso munthu akachotsedwa m'kalasi WebSocket yake isiye kulandira za kalasiyo nthawi yomweyo, osadikira kuti atuluke yekha. Pomaliza gwiritsani ntchito chida ngati k6 kuyerekeza anthu masauzande olumikizana pamodzi, cholengeza chimodzi chikupita kwa onse.

Yambani ndi makalasi 2 kapena 3 okha, imodzi ikhale yaikulu kwambiri, kwa semesita yathunthu. Muziyeza nthawi imene imadutsa kuti ophunzira ambiri aone cholengeza, ndi chiwerengero cha mafunso amene atha masiku awiri osayankhidwa.

Semesita ikatha musatseke kalasi tsiku la mayeso omaliza, chifukwa kumakhala obwereza mayeso ndi odandaula za malikisi. Siyani zolengeza ndi macheza a awiri zili zotsegula mpaka zotsatira zitatsimikizidwa, kenako kalasiyo ikhale yongowerenga, ichoke pa mndandanda woyamba, ndipo tsiku lofufutira mauthenga ake lilembedwe mu database nthawi yomweyo kuti ntchito yofufuta idzachitike yokha.